Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'chigawo cha Tete

Olemekezeka a Mkulu,

Ndikulemba kuchokera ku Angónia. Ndikupempha kuti mayi akapezeka ndi khansa, kapena zizindikiro zake, mwamuna wake aziitanidwa kuti amve nawo, ngati mayiyo walola, ndipo pakhale mlangizi wophunzitsidwa woti aziyenda nawo onse awiri.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikugwira amayi ambiri m'Mozambique kuposa ina iliyonse. Tikuthokoza kuti amayi akuyezedwa ndi viniga m'zipatala, komanso kuti katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, anafika kwa atsikana mu 2021. Koma taganizirani mayi amene wathandizidwa timabala toyambirira. Anamwino amuuza kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa mwezi wathunthu. Uthengawo ausenza yekha. Bambo anatsala kudimba la mbatatesi, kapena panja kuyang'anira njinga, ndiye akaumva usiku, m'kamwa mwa mkazi wake. Ena amamvetsa. Ena amayamba kufunsa kuti, "Matendawa wawatenga kuti?" Kutaya magazi kukapitirira, apongozi akuti ndi ufiti, mbuzi ipita kwa sing'anga, ndipo nkhani ikamafika kwa ankhoswe mayi uja amakhala atabwezedwa kale kwawo.

Sikuti abambo onsewa ndi ankhanza. Ambiri ndi mantha, ndipo palibe anawakhazika pansi. Nawonso akadwala khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, amabisa mpaka mkodzo utatsekeka, mkazi osadziwa kanthu.

Nanga wotumizidwa ku Maputo, kumene makina owotcha khansa anayamba kugwira ntchito mu 2019? Ulendowo ndi wa masabata ambiri. Atsale ndi ana ndani, agulitse chiyani? Zimenezi banja liyenera kukambirana pali wina wodziwa, m'Chichewa kapena m'Chinyungwe, osati m'Chipwitikizi chothamanga pakhomo la dokotala.

A Mkulu, sitikuyambira pansi ayi. Kuno ku Tete ndi kumene magulu a GAAC anayambira mu 2008, anthu akumwa ma ARV n'kumasinthana kukatengerana mankhwala, ndipo dziko lonse linatengera. Alangizi a HIV amene amadziwa kale kuuza mwamuna ndi mkazi nkhani yowawa tili nawo. Aphunzitseni za khansa. Ma APE, azaumoyo oyendera anthu m'midzi, nawo apatsidwe mawu oti akanene akafika pakhomo la wodwala, ndipo ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo aitanidwe kumaphunzirowo, poti nkhani za m'banja zimayamba kugwera iwowo.

Muyambe ndi Ulóngwe ndi Tsangano, muone ngati abambo sabwera akaitanidwa mwaulemu.

Ine wanu,
Mzika ya ku Angónia