Sipinachi ikadula, gula bonongwe

Kapata, Chipata

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, iwe, akamwini ndi adzukulu anga. Ife kuno tilipo.

Uthenga wako ndaumva, woti kukiliniki akuuza kuti uzidya sipinachi chifukwa magazi akuchepa, ndiye kumashopu a ku Lusaka ikudula. Usavutike mtima. Chimene anamwino akufuna ndi masamba obiriwira kwambiri, ndipo ku msika wa Soweto ku Lusaka komweko ali mbwee monga alili kuno ku Saturday Market. Koma mapiritsi amene anakupatsa uzimwabe. Masamba amangothandizira.

Yamba ndi bonongwe, amene anzako kumeneko amati bondwe, chifukwa ndiye amafanana kwambiri ndi sipinachi pa kufewa. Sankha wanthete, wosachita maluwa. Tsinde lake likamathyoka mosavuta ukalitsina, ndi wabwino. Likamangopindika, wakhwima ndipo adzakhala ndi luzi. Utsuke m'madzi kawiri kapena katatu usanadule, popeza amasunga mchenga. Ukayamba kudula n'kutsuka pambuyo, zabwino zake zimapita ndi madzi. Kazinga anyezi mmodzi ndi matimati awiri m'masupuni awiri a saladi, ika masamba ndi mchere pang'ono, vundikira. Madzi usathire, amatulutsa okha. Mphindi 5 mpaka 8 zakwana. Akayamba kuda, wapsereza.

Chibwabwa chimafuna manja oleza. Sadzula tsamba lililonse: thyola kumapeto kwa phesi n'kukoka ulusi uja mpaka kutsamba, apo ayi chidzakanda pakhosi. Pa anthu anayi gula milu itatu. Wiritsa madzi okwana kapu imodzi ndi mchere, ika masamba odula ndi matimati awiri pamwamba. Pakapita mphindi 5, waza nsinjiro zosefa, kapu imodzi yosadzaza, pamwamba pomwepo, koma usatakase msanga. Vundikira, chepetsa moto pa mbaula, zipse ndi nthunzi mphindi zina 10, kenako takasa ndi mthiko mpaka zigwirane. Ambiri amalakwa apa. Akatakasa nthawi yomweyo nsinjiro zimamira n'kupserera pansi pa poto, ndipo akaphula msanga zimanunkha chiwisi ndi kutupitsa mimba. Ndiwo zotendera sizifunanso saladi, mafuta ali kale mu nsawawa.

Za soda ndinene mosabisa. Imafewetsa masamba ndi kuwasiya obiriwira, n'zoona, koma imawononga mavitamini ena. Isiyire thelele ndi masamba okhwima, ndipo ikhale kakutsina chabe. Chibwabwa chanthete sichiifuna.

Kholowa, kalembula uja wa mbatata, ndi wosavuta koma ali ndi khalidwe lake: ukamuthira madzi amaterera. Umuyanike padzuwa kanthawi kuti afote pang'ono, ndiyeno umukazinge ndi matimati ambiri, osavundikira nthawi yaitali. Luni ndi chisoso zimawawa. Wiritsa mphindi zochepa, taya madzi oyambawo, kenako tendera kapena sakaniza ndi bonongwe kuti ana asakane. Ine ndimati kuwawa pang'ono kusiyidwe, ndiko kukoma kwa luni, koma aliyense ndi pakamwa pake.

Chigwada ndiye chofuna kusamala. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni akakhala aawisi. Uwasinje mumtondo mpaka asalale, uwawiritse m'madzi ambiri poto ali wosavundikira, osachepera mphindi 30 kuyambira pamene madzi abwadamuka, ndipo pokhapo uike nsinjiro. Tsiku limene wafulumira, chigwada chisiye.

Repu, mpiru ndi chayinizi zimapezeka chaka chonse chifukwa cha madimba. Uzidule mopyapyala ndi kuzikazinga mwachangu. Uzitsuke bwino, poti alimi amazipopera mankhwala, ndipo usagule za masamba achikasu kapena zonunkha mankhwala.

Pali chinanso chokhudza magazi ako. Tiyi usamamwe pamodzi ndi nsima, amatsekereza ayironi wa m'masamba kuti asalowe bwino m'thupi. Dikira ola limodzi kapena awiri. Matimati, ndimu kapena gwafa pa chakudya chomwecho ndizo zimathandiza, ndipo ukaonjezako kapenta kapena nyemba wachita bwino kwambiri.

Mvula ikagwa mu Novembala, chibwabwa ndi khwanya zidzatchipa mpaka cha mu Epulo. Ugule zambiri upange mfutso: viika masamba m'madzi owira amchere mphindi ziwiri kapena zitatu, tsanula, yala pamphasa yoyera pamalo opita mphepo mpaka aziphwanyika ukawafinya. Ukasunga asanaumitsitse amachita nkhungu. Kumeneko masamba a msuku omangira chikwatu sudzawapeza, choncho chitini chouma chotseka bwino chikwanira. Pophika uyambe wanyika mfutsowo m'madzi ofunda kuti ufewe.

Nsinjiro ndakusinjira kale, ndidzapatsira munthu wokwera basi Loweruka. Undiuze zimene anene kukiliniki ukapitanso kukayezetsa. Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Mayi ako