Kalata ya abusa: longedzani chikwama mvula isanayambe

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Moni nonse m'dzina la Yesu, kuphatikizapo inu amene simunaoneke ku tchalitchi masabata angapowa, tikukusowani ndithu.

Dzinja layandikira, ndiye ndati ndilembe tisanamve bingu loyamba. Ife a kuno ku Blantyre sitifunika kuuzidwa kuti namondwe ndi chiyani. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu mpaka ku Nsanje kunali maliro okhaokha, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ambiri amene anapulumuka anafika m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi zovala za m'thupi basi, chifukwa madzi akabwera usiku palibe nthawi yofufuza zinthu mumdima mwana ali kumsana.

Pempho langa ndi limodzi, banja lililonse likhale ndi chikwama kapena ndowa ya chivundikiro yolongedzeratu, ikhale pafupi ndi chitseko osati pansi pa bedi kuseri kwa matumba a chimanga. Ndikudziwa ena muti abusa akutiopseza, chikhulupiriro chawo chili kuti. Ayi abale, Yosefe anasunga tirigu zaka 7 za dzinthu ku Iguputo ndipo Mulungu yemweyo ndi amene anamupatsa nzeruzo.

Yambani ndi mapepala, izi ndiye zimavuta kwambiri kubwezeretsa. Chiphaso cha unzika, timabuku ta kuchipatala ta aliyense makamaka ta sikelo ya ana, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, kulungani mu jumbo ziwiri n'kumanga bwinobwino, mukatero mujambulenso pa foni. Manambala a achibale alembedwe papepala, foni ikathima ambirife ngakhale nambala ya akazi athu sitiidziwa pamtima.

Kenako mankhwala. Inu amene mumamwa ma ARV, a BP, a shuga kapena a khunyu, patulani a masiku angapo muike m'menemo, ndipo muzisinthanitsa ndi atsopano kuti asathe mphamvu. Apa pasakhale manyazi, chikwama ndi chanu palibe mkulu wa mpingo adzabwere kudzachisecha. Onjezani Thanzi ORS, WaterGuard kapena klorini, sopo ndi chigubu cha madzi cha malita 5, chifukwa madzi osefukira amasakaniza za m'zimbudzi ndi za m'zitsime, ndipo Freddy anatipeza kolera ili kale pakati pathu, ija inapha anthu oposa 1,700.

Tochi ndi mabatire, kawailesi, machesi m'kabotolo kotseka, power bank yotchaja. Mukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira momwe tinakhalira mumdima. Ndalama pang'ono zapamanja nazonso, zosinthasintha, chifukwa netiweki ikagwa za mu foni simungagulire ngakhale mandasi.

Zakudya musavutike ndi zodula, mtedza wokazinga, chiponde, ufa wa phala la ana, shuga ndi mchere zakwana. Bulangete, zitenje, neti ya udzudzu, pepala lapulasitiki. Azibambo, mapadi a amayi ndi atsikana musawaone ngati zachabe, kumakampu kuja linali vuto lalikulu loti anthu samalinena poyera.

Ndikudziwa zinthu zakwera mtengo, simungagule zonse tsiku limodzi, ikani chimodzi sabata ino china sabata yamawa. Ndipo a zanyengo kapena a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akalengeza pa wailesi kuti samukani, nyamulani chikwamacho muzipita, musadikire kuona madzi pakhomo. Mugwirizane lero ndi ana komwe mukakumane mukabalalika.

Amayi a Mvano ndi achinyamata, Loweruka likubwerali tikumane pa tchalitchi 2 koloko masana tilembe mayina a agogo, aulumali ndi amasiye a m'milaga yathu, aliyense tim'pezere munthu woti adzam'tenge zikavuta. Amene ali ndi ndowa kapena bulangete lapadera abwere nalo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mbusa wanu