Bambo wa shopu ya mfuti wa pa TV uja ndinakumana nawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko zomwe ndinaona kuno ku Texas, ku America. Pali bambo ena ali ndi shopu ya mfuti omwe amaoneka pa TV, ine ndinkangoti awa ndi a sewero basi, matama kamera ikayaka. Loweruka lina mnzanga wa kusukulu anandikokera ku shopu ya bambowo, eee ndinachita manyazi ndekha.

Kasitomala wina anatola pistol pa kauntala n'kumaizunguza uku akuseka, mkulu uja sanakalipe ayi, anangogwira mfutiyo n'kuilozetsa pansi, kuchotsa magazini (mokhala zipolopolo), kukoka slide (chapamwamba pa mfuti chomwe chimasuntha) kumbuyo n'kumuonetsa ndi maso kuti mulibe chipolopolo, apo m'pamene anayamba kuyankhula. Akuti mfuti iliyonse uziitenga ngati ili ndi zipolopolo, osailozetsa munthu ngakhale mwanthabwala, chala chisafike pa trigger (kachitsulo kokoka poombera) mpaka walunjika chomwe ukufuna kuombera, komanso uzidziwa chili kuseri kwake chifukwa chipolopolo chimapyoza. Pa TV paja izi sindinazionepo, amangoonetsa phokoso ndi utsi.

Chinanso, anthu kumudzi amaganiza kuti kuno mfuti umagula ngati shuga pa gulosale. Mu shopu ya laisensi umadzaza fomu ya boma yotchedwa 4473 kenako amakufufuza kaye ku FBI kudzera pa NICS, njira yofufuzira mbiri ya wogula mfuti yomwe inayamba mu 1998. Ine mkulu uja atamva kuti ndili pa visa ya sukulu anandiuza osabisa kuti popanda chiphaso chosakira nyama sangandigulitse, ndinangobwerako ndi chipewa cha shopu yawo.

Wowerenga wanu,
Texas