Kandulo ikhale m'botolo la mchenga

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi owerenga anu za kandulo, poti magetsi akathima, kapena kumene sanafike n'komwe, mabanja ambiri amathamangira iyo. Ife ntchito yathu ndi ya phula ndi makandulo, ndipo zimatiwawa kumva kuti nyumba yapsa kapena mwana wavulala pomwe chopewera ngoziyo sichilira ndalama: botolo lagalasi ndi mchenga wouma.

Vuto lalikulu ndi chizolowezi chodonthezera phula pa tebulo, pa mpando wapulasitiki kapena pamwamba pa wailesi, n'kumatapo kandulo. Poyamba imaoneka kuti yakhazikika. Koma ikatsala pang'ono kutha, phula lomwe laimata lija limasungunuka, chingwe chimagwera m'kadziwe ka phula chikuyakabe, ndipo lawi limafika pa thabwa kapena pa pulasitiki. Lawi la kandulo limatentha mpaka madigiri pafupifupi 1,000. Nthawi imeneyi kawirikawiri ndi usiku kwambiri, woyatsa uja atagona kale. Kuibaya pakamwa pa botolo la zakumwa sikuthandizanso kwenikweni: botolo limakhala lalitali, kandulo n'kuwonjezera utaliwo, ndiye mphaka, khoswe kapena chigongono cha mwana chikangokhudza, zonse zimagwa.

Njira yomwe tikupempha kuti ifalikire ndi iyi. Pezani botolo lagalasi lapakamwa papakulu, monga la mayonesi kapena la jamu, lalikulu ndithu, lopanda mng'alu. Litsukeni, chotsani pepala lakunja, liume. Thiranimo mchenga wouma mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo. Dulani kandulo pakati ndi mpeni, mupale phula pang'ono pa chidutswa chachiwiri kuti chingwe chitulukire. Zikani chidutswa chimodzi pakatikati pa mchenga, masentimita awiri kapena atatu, chiime chilili. Chofunika n'chakuti lawi likhale m'munsi mwa mlomo wa botolo komanso lisakhudze galasi, apo ayi galasilo lisweka ndi kutentha. Chivundikiro musaikepo, chifukwa moto umafuna mpweya, ndipo botolo lapulasitiki musaliyese n'komwe.

Mchenga umagwira ntchito zitatu. Umalemeretsa botolo kuti lisagwe wamba, umamwa phula lodontha, ndipo kandulo ikafika kumapeto imazima yokha pamchengapo. Botolo likagwa, mchenga womwewo nthawi zambiri umakwirira lawi. Galasi nalo limatchinga mphepo, choncho kandulo sidontha kwambiri ndipo imakhalitsa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakhala m'tinyumba tamalata ndi matabwa tothithikana, bungwe loteteza ana ku ngozi la Childsafe lakhala likuphunzitsa njira yomweyi kwa zaka zambiri. Poyatsa gwiritsani ntchito kamtengo kapena kaudzu kotalikirapo kuti musapse zala, ndipo ponyamula muyambe mwazimitsa, chifukwa kumtunda kwa botolo kumatentha.

Malo oyikapo nawonso asankhidwe bwino. Pakhale posapendekeka, patali ndi chilichonse choyaka masentimita osachepera 30 mbali zonse, ndipo pamwamba pake pakhale mpata wa mita imodzi. Anthu amaiwala kuyang'ana m'mwamba, komwe kutentha kumapita: shelefu, zovala zopachika pachingwe, katani, denga laudzu lomwe latsika. Pawindo si malo abwino, chifukwa mphepo imakankhira katani pa lawi. Makandulo awiri atalikirane masentimita 10 kuti asasungunulane.

Kuchipinda ndiye tikunenetsa. Neti ya udzudzu ndi yopangidwa ndi ulusi wapulasitiki. Ikagwira moto imasungunuka n'kumadonthera pakhungu la amene wagona m'kati, ndipo zodonthazo zimamatirira. Matiresi asiponji amayaka msanga ndipo utsi wake wakuda umakomola munthu asanapeze chitseko. Neti musaichotse, malungo ndi oopsa. Chochoka ndi kandulo. Wofuna kuona poyala kapena poyamwitsa mwana usiku agwiritse ntchito tochi kapena kanyale ka sola. Ana a sukulu amene akuwerengera mayeso awerengere pa tebulo, munthu wamkulu ali maso, osati pabedi buku lili pachifuwa. Ndipo chonde, makolo, musatsekere ana m'nyumba muli kandulo yoyaka, ngakhale mukungopita pa golosale.

Pali zina zomwe siziyenera kukhala chipinda chimodzi ndi lawi. Mafuta akasowa, ena amasunga petulo m'zigubu kunyumba. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umayenda chapansipansi ndipo umatha kukafika pa lawi lomwe lili kutali ndi chigubucho. N'chimodzimodzi gasi wophikira akamatuluka: mukamva fungo lake, musayatse machesi kuti muone pomwe pakudontha, tsekani silinda ndi kutsegula mawindo. Mankhwala opopera udzudzu, sipiriti ndi sanitaiza nazonso zimayaka.

Tsopano za kasamalidwe. Chomwe chimayaka pa kandulo ndi nthunzi ya phula: lawi limasungunula phula, chingwe chimalikoka kupita m'mwamba, kutentha n'kulisandutsa nthunzi. Chingwe chikatalika chimakoka phula lochuluka kuposa lomwe lawi lingathe kutentha bwino, ndiye mumaona lawi lalitali lovinavina, utsi wakuda ndi mwaye pakhoma. Musanayatse, dulani chingwe ndi sizasi chitsale mamilimita 5 kapena 6, ndipo kamutu kakuda komwe kamapangika kunsonga kachotseni kandulo itazima. Mitengo ya machesi yopsa musamaiponye m'phula. Imasanduka chingwe chachiwiri ndipo lawi limakula kwambiri.

Makandulo onunkhira a m'makapu, omwe achuluka m'masitolo masiku ano, ali ndi malamulo awo. Tsiku loyamba asiyeni ayake mpaka phula lapamwamba lisungunuke kufika m'mbali mwa kapu, apo ayi amakumba dzenje pakati n'kusiya phula lambiri m'mphepete. Asapitirire maola anayi nthawi imodzi, ndipo phula likatsala sentimita imodzi pansi alekeni, chifukwa lawi likayandikira pansi kapu imatentha kwambiri mpaka kusweka.

Posunga, kumbukirani kuti phula la makandulo wamba limasungunuka pa madigiri 50 mpaka 60, koma limayamba kufewa lisanafike pamenepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kandulo yoimikidwa pawindo kapena pafupi ndi malata imapindika, ndipo yopindika imayakira mbali imodzi n'kumadontha. Agonekeni pamalo ozizira, amthunzi, atakulungidwa m'pepala, m'chitini chotsekeka kuti makoswe asawatafune. Machesi akhale pouma, pomwe ana sangafikire.

Pozimitsa, tchingani ndi dzanja kuseri kwa lawi n'kuuzira pang'onopang'ono kuti phula lotentha lisathovukire pena, kapena vundikirani ndi supuni yachitsulo. Dikirani mpaka kofiira ka kunsonga kwa chingwe kathe. Phula likagwira moto lokha, musathire madzi: madzi amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kumwaza phula loyaka paliponse. Vundikirani ndi chivundikiro cha poto kapena thirani mchenga. Moto ukakula, tulutsani anthu kaye, katundu pambuyo, kenako itanani anansi ndi ozimitsa moto a khonsolo ngati muli mumzinda.

Munthu akagwira moto pa zovala asathamange, agone pansi n'kudzigubuduza, kapena mumfunditse bulangete lokhuthala. Pamalo opsa thiranipo madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, chotsani mphete ndi zibangili pasanatupe, koma nsalu yomwe yamatirira pakhungu musaikoke. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira ndi mchere siziziziritsa bala, zimangolowetsa matenda ndi kuvutitsa achipatala politsuka. Phimbani ndi nsalu yoyera. Mwana wamng'ono, kapena aliyense amene wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo aakulu kuposa chikhatho chake, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mawodi a anthu opsa, koma poyambira ndi chipatala chomwe chili pafupi.

Pempho lathu kwa eni magolosale n'lakuti aike botolo limodzi la mchenga pa kauntala kuti wogula kandulo aone mmene limakhalira. Aphunzitsi, mafumu ndi alangizi a zaumoyo angathenso kulionetsa pa misonkhano yawo. Kulikonza sikutenga mphindi zisanu.

Ndife,
Opanga makandulo,
Blantyre