Amerika sinayambe dzulo kulowelera nkhondo za eni

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yanu ndinenepo za Amerika, chifukwa anyamata kuno ku Kapata akamakangana pa Facebook amaona ngati dzikoli layamba dzulo kulowelera nkhondo za eni. Ayi ndithu. Mu 1898 anamenyana ndi Spain nkulanda Philippines, Puerto Rico ndi Guam, chaka chomwecho anatenganso Hawaii, ndipo anthu aku Philippines atati ife tikufuna kudzilamulira tokha anawathira nkhondo ina mpaka 1902, anthu anafa osawerengeka. Kuchoka apo basi chinangokhala chizolowezi, Vietnam, Iraq mu 2003 ati kuli zida zoopsa zomwe sanazipeze nkomwe, Libya mu 2011.

Koma ine chimandiwawa kwambiri ndi cha pafupi pano. Ku Congo akazitape a Amerika a CIA anamukonzera chiwembu nduna yaikulu Patrice Lumumba asanaphedwe mu 1961, kenako nkumuikira kumbuyo Mobutu yemwe anadya dziko zaka zoposa 30. Ku Angola ankapatsa mtsogoleri wa zigawenga Savimbi ndalama ndi mfuti, anthu othawa nkhondo nkudzadza msasa wa Meheba kuno ku Zambia, anawasunga ndani? Ndife amphawi omwe.

Ma ARV a PEPFAR, pulogalamu ya Amerika yolimbana ndi Edzi, anapulumutsa abale athu ambiri, zimenezo sindikana. Koma mu 2022 titamva kuti AFRICOM, nthambi ya asilikali a Amerika yoyang'anira Africa, ikutsegula ofesi ku embasi yawo ku Lusaka ena anangoti aaa ndi kaofesi chabe, mu mzinda womwewo umene Kenneth Kaunda (KK) anasonkhanitsira maiko osatsata mbali mu 1970! Aphungu athu akuno kum'mawa afunseko ku Nyumba ya Malamulo kuti boma linagwirizana zotani ndi Amerika pa ofesiyi, yankho lake atiuze pa wailesi mu Chinyanja timve tonse.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Kapata, Chipata