Mbendera ya apartheid pa kapepala kotsatsa malonda: wasayina ndani?

A Mkonzi,

Kupepesa kwa sitolo ija yomwe yaika mbendera yakale ya South Africa pa timapepala ta mitengo ya katundu ya Heritage Day (tsiku lokondwerera chikhalidwe kuno ku South Africa) kwandinyansa kuposa mbenderayo. Akuti walakwitsa ndi wojambula wongoyamba kumene ntchito. Koma abale! Kampani yonse ija, ndi mabwana ake a mataye, ikuyendetsedwa ndi kamnyamata kamodzi?

Kapepala sikafika pa makina kasanadutse m'manja mwa anthu atatu: wojambula, woyang'anira zotsatsa, ndi bwana wovomereza pulufu, kutanthauza chitsanzo cha kapepalako kasanasindikizidwe. Osindikiza sakonza mapuleti anayi osindikizira mitundu aja popanda siginecha, chifukwa akalakwitsa ndalama ndi zawo. Chimene chimachitika n'chakuti wojambula amafunafuna mbendera pa intaneti n'kutola yoyamba kuoneka. Bwana amatsegula pulufu pa foni, maso ali pa mtengo wa ufa ndi nkhuku basi. Timbendera titatu tija ta pakati pa mzere woyera, ta Britain, Orange Free State ndi Transvaal, pa foni timangooneka ngati kadontho. Koma mizere ya olenji, yoyera ndi ya buluu nayonso sanaione? Mbendera inauluka kuyambira 1928 mpaka 1994, munthu wamkulu wobadwira kuno angaisokoneze ndi nsalu ya patebulo?

Malamulo alipo kale. Mu Ogasiti 2019 ku Equality Court, khothi loona milandu ya tsankho, konkuno ku Johannesburg, pa mlandu wa Nelson Mandela Foundation, jaji Phineas Mojapelo anagamula kuti kuionetsa mbenderayi popanda chifukwa chomveka ndi kufalitsa chidani. Supreme Court of Appeal inavomerezanso mu 2023. Kaya loya wa kampaniyi anali kutchuthi zaka zonsezi.

Chondiwawa n'chakuti wotukwanidwa si wosayina. Ndi mbale wathu wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene waima pa loboti ndi mtolo wa timapepala, wolipidwa pa tsiku, amene sanaphunzirepo kusukulu kuti mbenderayi ikutanthauza chiyani. Woyendetsa takisi akatsitsa galasi, mkwiyo wonse umathera pa iyeyo, ndiye onjezerani kuti ndi mlendo m'dziko la eni.

Ndipo nyimbo yake ndi yomweyomweyo. Sitolo ya zovala ya H&M mu 2018 ndi juzi lija lolembedwa za nyani lomwe anaveka mwana wachikuda, mpaka a chipani cha EFF kukagwetsa zovala m'masitolo. Sitolo ya Clicks mu 2020 ndi zotsatsa za TRESemmé zonyoza tsitsi la anthu akuda. KFC ku Germany mu 2022 inauza anthu kuti akumbukire Kristallnacht, usiku umene a Nazi anaukira Ayuda, ndi nkhuku ya tchizi, kenako n'kuloza chala kompyuta. Kompyuta imasayina?

Pulufu izisindikizidwa papepala kukula kwake kwenikweni, wosayina alembe dzina lake, ndipo pakhoma pakhale mndandanda wa zizindikiro zachidani zoyenera kupewa: mbenderayi, swastika ya a Nazi, ma 7 atatu a gulu la azungu atsankho la AWB, nambala 88 ya otamanda Hitler. Amene mwasunga kapepalako, kajambuleni mutumize dandaulo ku Advertising Regulatory Board, bungwe loyang'anira zotsatsa malonda, kapena ku Human Rights Commission. Ku Equality Court nako safuna loya.

Wowerenga wanu,
Yeoville, Johannesburg