Kusintha kwa kaikidwe ka pulogalamu ya katundu ndi malonda: za mabatani osagwira

Okondedwa makasitomala athu,

Kuyambira mwezi wamawa tisiya kukutumizirani pulogalamu yanu ya Microsoft Access pa imelo kapena pa WhatsApp. Tizidzaiika tokha pa kompyuta iliyonse, ndipo fayilo imodzi imene munaizolowera ija tiigawa pawiri. Gwero la kusinthaku ndi dandaulo lomwe lakhala likubwerabwera: fomu ikutseguka, mayina a katundu akuoneka, koma mukadina batani losungira kapena losindikizira lisiti, palibe chochitika.

Nthawi zambiri palibe chomwe chawonongeka. Kuseri kwa batani lililonse kuli malamulo olembedwa mu VBA, chilankhulo cholembera malamulo mu Access, ndipo Access ikakayikira komwe fayilo yachokera imawatseka onse, fomu n'kutsala chigoba. Kale munkaona kamzere kachikasu kolembedwa Enable Content, mukadina zonse n'kuyamba kuyenda. Mu 2022 Microsoft inakhwimitsa zimenezi. Windows imaika chizindikiro chobisika pa fayilo yochokera pa intaneti, ndipo Office ikachiona imatulutsa chenjezo la Security Risk lopanda podina kuti muvomereze. Ndiye kuti fayilo iliyonse yomwe tatumiza pa imelo itha kufika kwa inu itamangidwa kale.

Ngati vutoli lakupezani tisanafike, tsekani Access, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, ndipo pansi pa General chongani Unblock kenako OK. Ikakhala mu zip, chitani zimenezi pa zipuyo musanaimasule. Chonde musasankhe Enable all macros (kulola malamulo onse) mu Trust Center, malo osinthira za chitetezo mu Access, ngakhale wina atakuuzani kuti ndi chidule. Mukatero mudzakhala mwatsegulira khomo mafayilo ena a Access, ngakhale achinyengo, pa kompyuta yomwe ikusunga ngongole za makasitomala anu.

Njira yatsopano ili motere. Pulogalamu izikhala mu foda yakeyake pa C:, ndipo fodayo tiilembetsa ngati Trusted Location kuti Access isamaikayikirenso. Kwa amene muli ndi Access Runtime, mtundu wa Access wongoyendetsera pulogalamu yopangidwa kale, yomwe ilibe potsegulira Trust Center, kulembetsaku tizichitira mu registry, momwe Windows imasungamo makonzedwe ake. Pali chinthu chimodzi choti mukumbukire: chilolezochi chimatsata akaunti ya Windows, osati kompyuta. Mukatsegulira wantchito watsopano akaunti yake, mabatani adzakananso kwa iyeyo pomwe kwa anzake akugwira. Tiuzeni tsiku lomwelo, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Za kugawa fayilo nazo n'zofunika kuzimvetsa. Matebulo onse, kutanthauza katundu, mitengo, malisiti ndi ngongole, azikhala mu fayilo imodzi pa kompyuta yaikulu. Mafomu, malipoti ndi malamulo a mabatani azikhala mu fayilo ina ya mtundu wa ACCDE, kompyuta iliyonse yakeyake. Pakali pano anthu atatu kapena anayi amatsegula fayilo imodzimodziyo kudzera pa netiweki, ndipo magetsi akazima wina ali pakati posunga, zowonongeka zimatha kugwera deta ndi mafomu omwe. Tikagawa, fomu ikawonongeka timangoikapo ina, deta osaikhudza. ACCDE imatsekanso Design View, posinthira kapangidwe ka fomu, choncho palibe amene angasinthe dzina la batani mwangozi n'kulilekanitsa ndi malamulo ake.

ACCDE ili ndi khalidwe lake. Yopangidwa pa Office ya 32-bit siitseguka pa ya 64-bit, ndipo ya 64-bit siitseguka pa ya 32-bit. Chowerengedwa ndi Office, osati Windows, ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Tsegulani Access, kapena Word ngati muli ndi Runtime, pitani pa File, Account, kenako About, ndipo kumapeto kwa mzere wapamwamba mupeza 32-bit kapena 64-bit. Mukadzagula kompyuta ina kapena kuikanso Office, tidziwitseni musanakopere pulogalamu kuchokera kwa mnzanu.

Pali vuto lina lofanana nalo koma losiyana gwero: mabatani akugwira, koma fomu ikukana kulembamo. Access ikatsegula deta imapanga kafayilo kakang'ono kothera ndi .laccdb pambali pake, komwe imalembamo omwe alowa. Ngati akaunti yanu ilibe chilolezo chopanga ndi kufufuta mafayilo mu fodayo, deta imatseguka yongowerenga, kapenanso munthu mmodzi amatsekereza anzake onse. Aliyense wogwiritsa pulogalamuyi tidzampatsa chilolezo cha Modify pa fodayo. Kafayiloka kamazimirira kokha munthu womaliza akatuluka. Kakatsala magetsi atazima, onse atuluke kaye, kenako mukafufute, koma onetsetsani kuti mukufufuta .laccdb, osati .accdb, yomwe ndi fayilo ya deta yanu.

Koma mabokosi otuwa okana kulembamo pa lisiti yomwe yatsekedwa kale sanawonongeke. Tinawatseka dala.

Fayilo ya matebulo musaiike mu OneDrive, Dropbox kapena Google Drive. Mapulogalamuwa amakopera fayilo yonse pomwe Access ikulembamo, mapeto ake makope awiri osagwirizana. Makompyuta alumikizidwe ndi waya m'malo mwa Wi-Fi, chifukwa netiweki ikaduka ngakhale kamphindi fomu yotsegula imataya njira ndipo siibwerera mpaka mutaitseka. Kompyuta yaikulu ndi switch (kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki) zikhale pa UPS, batire yothandiza magetsi akazima. Fayilo ya Access siipitirira 2 GB, ndipo zomwe mwafufuta sizichepetsa kukula kwake mpaka mutachita Compact and Repair, lamulo la mu Access lofinya ndi kukonza fayilo. Chitani zimenezi kamodzi pa mwezi, onse atatuluka, mutasunga kaye kope pa flashi.

Tsiku loika tidzafunika pafupifupi ola limodzi pomwe palibe akugulitsa, choncho sankhani m'mawa musanatsegule kapena madzulo mutatseka. Tidzayamba ndi kusunga kope la deta yanu, ndipo sitidzachoka musanasindikize lisiti yoyesera pa kompyuta iliyonse. Sabata ino titumizireni chiwerengero cha makompyuta anu, mtundu wa Office pa iliyonse, maakaunti a Windows omwe amatsegula pulogalamuyi, ndi tsiku lomwe mwasankha. Ngati batani lina likukana panopa, jambulani sikirini yonse pamodzi ndi uthenga uliwonse womwe watuluka, osati batani lokhalo.

Zikomo kwambiri,
Ife anu, a gulu losamalira pulogalamu yanu